Kamfuti ka mpweya ka 4.5mm: ndemanga yanga patatha miyezi 7 ndikulimbana ndi makoswe

Anzanga ambiri a kuno ku Joni akhala akundifunsa za kamfuti kanga kaja chiwonereni kavidiyo ka zitini pa sitetasi yanga ya WhatsApp, ndiye ndati ndilembe kamodzi basi aliyense adziwerengere yekha. Ndi ka mpweya, ka sipuling'i, kothyola pakati kaja, kamadya mapeleti (tizipolopolo take) a 4.5mm ndipo pa katoni analemba kuti mphamvu yake ndi 7.5 joules, kutanthauza kuti ndi kofooka ndithu poyerekeza ndi zinzake zomwe zinali pa shelefu. Wa mushopu ankandikokera ku zikuluzikulu za 5.5mm, za Gamo ndi Hatsan, zabwino ndithu komanso zodula, koma ine ndinati achimwene ine sindikupita kokasaka gwape, mdani wanga ndi khoswe wa mukhola la nkhuku. Ndinatenga kofookako dala ndipo mpaka lero sindinanong'oneze bondo.

Ine ndimagwira ntchito ya m'gadeni pa puloti ina cha ku Honeydew, abwana anandipatsa kanyumba kuseri n'kundilola kusunga tinkhuku tanga. Ndiye makoswe a kuno abale si mbewa zathu zija tinkakumba ku Dedza tikakolola, zophika ndi mchere n'kuyanika, ayi, awa ndi zilombo zoti ukawalitsa tochi amayamba akuyang'ana kaye asanaganize zothawa. Anaboola thumba la chakudya cha nkhuku, kenako anapha anapiye atatu usiku umodzi. Misampha inagwira awiri oyambirira basi enawo anachenjera, nyambo ankadya msampha osafwamphuka. Za poizoni mayi a kunyumba anakaniratu kwamtuwagalu, chichitikireni za ana 6 aja anamwalira ku Naledi ku Soweto mu October 2024, a zaumoyo atapeza kuti anali mankhwala a terbufos omwe anthu amagula m'misewu kuti aphere makoswe, iwo anati mwana wathu ali ndi zaka 4 amatola chilichonse, timapaketi timeneto tisadzalowe pakhomo pano. Komanso pa mtengo wa bulugamu pali kadzidzi amene abwana amamukonda ngati mwana, akadya khoswe wa poizoni nayenso wapita. Kwathu kadzidzi akalira padenga anthu sagona, kuno ndi wantchito mnzanga kkkk.

Tsiku loyamba kanandiopsa. Kuwomba koyamba kanaphulika kuti phwaa mpaka kautsi kutuluka, agalu a neba onse kuyamba kuuwa, ndinati basi andigulitsa chinthu cholakwika. Kunali mafuta a ku fakitale omwe amapsa mkati mpweya ukapanikizika, patapita mapeleti angapo zinatha zokha. Pano kamangomveka kuti thapu, ngati munthu wamenya kabuku pa tebulo, moti phokoso la peleti likamenya chitini limaposa la mfutiyo. Mayi a kunyumba amagona osamva kanthu ine ndili kukhola, ndipo ichi n'chimene ndimakakondera kwambiri.

Chomwe chinandikhumudwitsa ndi kasikopu, kagalasi kolozera kaja, kanabwera nako m'katoni. Zinyalala zenizeni. Mfuti za sipuling'i zimagwedeza kawiri, kumbuyo ndi kutsogolo, ndiye ukatchera bwinobwino lero mawa wapeza kasuntha, ndinawononga pafupifupi theka la kachitini ka mapeleti 500 ndikuganiza kuti vuto ndi maso anga. Ndinakachotsa n'kuyamba kugwiritsa ntchito zoloza zake zachitsulo zomwe zili pa mpope, basi zinthu zinayamba kulongosoka. Ma sikuluwu ogwira thabwa la mfutiyo nawonso amamasuka, muziwamanga pafupipafupi. China chomwe ndinaphunzira mochedwa n'choti kamfuti aka sikafuna kukakamira ngati khasu, ukagwira mwamphamvu kamamwaza, umangokakhazika pa chikhatho mopepuka n'kukasiya kagwedezeke momwe kafunira. Ndipo musamawombe mulibe peleti, sipuling'i imawonongeka.

Pa makoswe kamagwira ntchito koma pafupi, mamita 8 mpaka 10, kupitirira apo ine sindiwomba chifukwa ungongomuvulaza n'kukafera kudzenje, kununkha kwake sabata yonse komanso ndi nkhanza. Kumbukirani kuti Joni ili pamwamba, mamita oposa 1 700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka ndiye mfuti za sipuling'i zimachepa mphamvu kuposa zomwe analemba pa katoni. Ine ndimapaka chiponde pa kathabwa, osati chimanga chifukwa chimanga amanyamula n'kuthawa nacho pomwe chiponde amaima n'kumanyambita, kuseri kwa kathabwako ndinaika katoni yodzaza ndi zovala zakutha kuti peleti ikaphonya isanjanje pa khoma. Tochi ndinaikulunga ndi pepala lofiira la pulasitiki, kuwala kofiira sikuwaopsa kwenikweni. Ndiye umakhala pa ndowa yovundikira m'ma 8 koloko usiku, kuzizira kwa June kuja zala zitachita dzanzi, umamva kaye kuti tswatswa m'malata, kenako timaso tiwiri, kenako wamkulu uja amatuluka n'kukhala pa miyendo yakumbuyo ndevu zikugwedera. Umaloza pakati pa diso ndi khutu. Usiku woyamba ndinapha atatu, wachiwiri mmodzi, wachitatu palibe anabwera, anauzana. Ndimawatola ndi fosholo n'kukwirira, osagwira ndi manja.

Koma ndisakunamizeni kuti mfuti inatha makoswe. Omwe anachepetsa zenizeni ndi diramu yachitsulo yovundikira yomwe ndinayamba kusungiramo chakudya cha nkhuku ndi kusesa zotsala madzulo. Kamfuti kamathana ndi akuluakulu ochenjera aja okana msampha, basi.

Tsopano nkhani ya malamulo, poti ambiri amene mukundifunsa mumakhala ku Rosettenville, Turffontein, Mayfair, m'ma rumu a kuseri momwe mayadi ndi ogundana. Lamulo la mfuti la kuno, Firearms Control Act ya 2000, silifuna laisensi pa mfuti ya mpweya yochepera 5.6mm, n'chifukwa chake timangogula ngati wailesi. Koma lamulo lomwelo limati kuwombera mfuti, ngakhale ya mpweya, pamalo pomwe pali nyumba zambiri kapena podutsa anthu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, kulozera munthu ndi mlandunso ngakhale mukusewera. Ine ndili pa puloti yayikulu ndipo abwana ndinawapempha kaye, neba ndinamuuzanso. Ndikanakhala kuti ndikadali ku rumu yanga yakale ku Turffontein sindikanagula, chifukwa kuno munthu akakuonera pa mpanda utanyamula chinthu chooneka ngati mfuti safunsa kuti ndi ya ma joule angati, amangoimbira a sekyulite, ndipo ife alendo tikudziwa momwe nkhani zimakulira. Mukamapita nako kwina muziika m'chikwama chake. Mbalamenso zisiyeni, ma hadeda aja olira ngati akuphedwa m'mawa uliwonse ndikudziwa amatopetsa koma ndi otetezedwa, mphaka wa neba ndiye musayerekeze n'komwe, a SPCA, bungwe loteteza zinyama, sachedwa.

Mbali yokoma ndi ya Lamulungu masana. Alamu anga amabwera kuchokera ku Cosmo City tikaweruka kutchalitchi, timandandalika zitini za nsomba pa thabwa kutsogolo kwa mulu wa mchenga, aliyense mapeleti asanu, woluza amagula zoziziritsa kukhosi. Alamuwo amadzitama kuti ku Mangochi ankagwetsa njiwa ndi legeni ili m'mwamba, koma apa amaphonya chitini chongokhala n'kumanena kuti mpope ndi wokhota. Mayi a kunyumba anayesa tsiku lina atatopa ndi phokoso lathu, anagwetsa zinayi pa zisanu n'kubwerera kukapakula nsima osayankhula kanthu, alamu anakhala chete mpaka kukwera takisi. Pa pepala mapeleti a mutu wafulati amaboola bwino, pa makoswe ndimakonda a mutu wobulungira, ndipo poti ndi a mtovu timasamba m'manja tisanadye. Mwana sayandikira, mfuti imakhala m'kabati yokhoma, mapeleti kwina.

Pa nyenyezi 5 ndikupereka 4, imodzi ndachotsa chifukwa cha kasikopu kaja. Alamu akuti ndiwagulitse kasikopuko pa R50, ndawauza angotenga ulere bola abweze kaye Fanta wa masabata atatu amene sanagulebe.