Mmene chipatala chathu chaching'ono ku Dedza chimathandizira makanda a chimfine

Mdzukulu wanga anabadwa wathanzi, koma atakwana masabata atatu, m'chisanu cha mwezi wa June, anayamba kutuluka mamina ndi kutsokomola, patangodutsa masiku ochepa achibale atamunyamula mosinthanasinthana tsiku lomwe anatuluka m'chikuta. Ine ndi mayi ake tinalawira ku chipatala chaching'ono cha m'dera lathu.

Chimene ndikuyamikira kwambiri ndi momwe anamwino anamupimira. Anamuvula, anayang'ana ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamapuma, kenako anawerenga kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu maso ali pa wotchi. Anatiuza kuti khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kuposerapo pa mphindi, ndiye kuti zinthu zavuta. Wathuyu sanafikepo, thupi silinatenthe, ndipo ankayamwa bwino.

Nditapempha jakisoni, monga timachitira akuluakulufe, anandiyankha mwaulemu kuti, "Agogo, chimfine chotere chimadza ndi mavairasi, ndipo mankhwala opha mabakiteriya sawagwira." Anafotokoza kuti vairasi ina yotchedwa RSV, imene kwa munthu wamkulu imangokhala chimfine wamba, kwa khanda imatha kutupitsa timachubu ting'onoting'ono ta m'mapapo mpaka mwana kubanika. Ndinabwerako wopanda ngakhale m'bulu umodzi, ndipo ndivomere kuti panjira ndinkang'ung'udza. Komabe malangizo awo anali omveka: kuyamwitsa pafupipafupi, kupukuta mphuno asanayamwe, kusamba m'manja ndi sopo, kuchotsa mbaula m'chipinda chimene mwana amagona ngakhale kuzizire bwanji, komanso kubwerera msanga, ngakhale pakati pa usiku, akakana bere, akatentha thupi, akazizira kapena akayamba kubuula popuma. Patapita masiku awiri tinapitanso monga anatilamulira, ndipo pofika sabata yachiwiri chifuwa chinali chitatha.

Chodandaulitsa ndi malo odikirira. Tinakhala maola pafupifupi atatu pa benchi imodzi ndi akuluakulu otsokomola osatseka pakamwa, ndipo palibe amene anayenda pamzere kuti apatule makanda aonedwe msanga. N'zodabwitsa kuti chipatala chimene chimaphunzitsa bwino chotere za kufala kwa mavairasi chimasiya mwana wa masabata atatu pakati pa odwala chifuwa, pamene khonde la kuseri, kumene amachitira sikelo, linali lopanda munthu m'mawa wonsewo.