Chingale kapena Songo: kumene ndimapita Lamlungu masana

Chisamukireni mumzinda wa Tete kuchokera kwathu ku Ulongwe, funso limene ndimafunsidwa ndi lomwelomwelo. Mbale aliyense wobwera kudzafuna ntchito ku Moatize akangokhazikika amati, "Achimwene, kuno tizichemerera iti, Chingale kapena Songo?" Awa ndi matimu a mpira wamiyendo: Chingale ndi ya mumzinda muno, Songo ndi ya kumapiri ku Cahora Bassa. Sabata yathayi anandifunsa anthu atatu, ndiye ndati ndiyankhe onse pamodzi.

Pa zikho palibe chokangana. União Desportiva do Songo inatenga Moçambola, ligi yaikulu ya Mozambique, mu 2017, mu 2018 ndi mu 2022, pamene Chingale sinatengepo chikho chimenechi, ndipo yakhala ikukwera ndi kutsika. Chikho choyambacho a Songo anachitenga ndi mphunzitsi Chiquinho Conde, yemwe pambuyo pake anapatsidwa Mambas, timu ya dziko la Mozambique. Kumbuyo kwa timu ya Songo kuli kampani ya magetsi ya padamu la Cahora Bassa, ndipo ngakhale bwalo lawo limatchedwa 27 de Novembro, tsiku limene damulo linabwera m'manja mwa Mozambique mu 2007. Ife a ku Angónia tili ndi chathunso kumeneko: Luís Miquissone, mwana wa kwathu, anawalira ku Songo asanakafike ku Simba ya ku Tanzania ndi Al Ahly ya ku Egypt. Chifukwa cha iyeyo, poyamba mtima wanga unali kumapiriko.

Chinandibweza ndi ulendo umodzi. Kuchokera mumzinda muno kukafika ku Songo ndi pafupifupi makilomita 150, ndipo chakumapeto msewu umakwera phiri mokhotakhota. Tinasonkhana anthu 15, tinapangana ndi mwini chapa (minibasi) wina kuti aliyense apereke mameticais 700, kupita ndi kubwera. Ine ndinalipira awiri, chifukwa ndinatenga mwana wanga wamwamuna wa zaka 11, amene anali asanaonepo bwalo la kapinga wobiriwira chotero. Masewero anali abwino, mphepo ya kumtundako inali yozizirira, mwanayo anaimba mpaka mawu kusasa.

Titatuluka, dzuwa likulowa, tinapeza dalaivala watseka zitseko wakhala pa bonati. Akuti ndalama tinapereka ija inali yopitira ndi yodikirira, yobwerera ndi 500 ina pamutu. Ndinamuuza kuti, "Bambo, si mmene tinapanganira m'mawa muja." Iye anangoti amene sakufuna agone konkuno. Anadziwa kuti watigwira pakhosi. Usiku umenewo galimoto ina yotsikira ku Tete tikanaipeza kuti, nanga ndalama ya chipinda inalipo? Tinakangana kwa ola lathunthu, kenaka tinapereka. Ya 1000 imene ndinatulutsa inali ya chakudya cha panjira ndi ya makala a sabata imeneyo. Mwana anagona pamiyendo panga ndi njala, tinafika kunyumba pakati pausiku, m'mawa mwake iye kusukulu, ine kuntchito. Mpaka lero ndikaona chapa ya mtundu umene uja mtima umandiwawa.

Timu ya Songo ilibe mlandu pa zimenezi, ndikudziwa. Koma tsiku limenelo ndinazindikira kuti kwa munthu wokhala ku Matundo kapena ku Chingodzi, madera a mumzinda muno, Songo ndi timu ya pa wailesi ndi pa kanema. Kuti uione ndi maso, uyenera kutaya tsiku lonse ndi ndalama yoti ikanadyetsa banja masiku angapo.

Chingale ndimaipeza ndi txopela imodzi (njinga yamoto ya matayala atatu), kuwoloka mlatho wa Samora Machel basi. Dzuwa la ku Tete silisewera, limatha kupitirira madigiri 40, ndipo pabwalo umatuluka thukuta ngati uli kumunda. Komabe kumeneko ndi kumene ndimakhala pakati pa anthu anga. Wina akutukwana woimbira m'Chinyungwe, wina akumuyankha m'Chichewa, ng'oma ikulira, amayi panja akugulitsa maheu ndi nsomba ya pende yokazinga. Timu ikagonja timabwerera limodzi wapansi tikudandaula, ndipo Lolemba nkhani yake imakhala ili pamsika wa Kwachena.

Wolanda anthu weniweni kwa matimu onse awiriwa ndi kanema wa m'mabaraka. Benfica, Sporting kapena Porto ya ku Portugal ikamasewera, anyamata ambiri amasankha mthunzi ndi botolo lozizira. Sindiwaweruza, koma ndimamva chisoni.

Mlamu wanga wa ku Maputo amabweretsa mbali ina. Iye ndi wa hóquei, ija yothamanga pa nsapato zamatayala ndi ndodo m'manja, ndipo amandikumbutsa kuti mu 2011 ku San Juan, ku Argentina, Mozambique inathera pa nambala 4 padziko lonse, kumene mpira wamiyendo sunatifikitsepo. N'zoona ndipo ndimanyadira. Kungoti masewero amenewo amafuna nsapatozo, ndodo, zotchinga maondo ndi simenti yosalala, pamene mwana wa kuno akamanga chikulunga cha mapepala apulasitiki wayamba kale mpira pamchenga wa Zambezi.

Choncho mbale wanga wobwera kumene, Songo ikamasewera ndi matimu akunja ichemerere ndi mtima wonse, inenso ndimatero. Koma ndalama yako ya pachipata ipite ku Chingale. Ikadzasewera pakhomo, tikumane kutsidya kwa mlatho nthawi ya 1 koloko, utenge chipewa ndi madzi akumwa.