Kachitofu ka gasi n'kabwino, koma kwa wogulitsayo sindidzabwererako

Ndinagula kachitofu kameneka mwezi wa Juni kwa munthu wina wogulitsa katundu wa apaulendo mumzinda wa Blantyre, ndipo ananditumizira pa basi mpaka pa Boma la Mangochi pamodzi ndi zitini ziwiri za gasi. Mtengo wake sunali wochepa. Ndalama imeneyo ikanandigulira mbaula yatsopano ndi makala ophikira miyezi ingapo. Chimene chinandikopa ndi kupepuka kwake, chifukwa ukapinda timiyendo take titatu kamakwana m'chikhatho ndipo kamalowa m'kapoto momwe. Ine ndi alamu anga timakonda kukwera mapiri a kuseri kwa mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, ndipo popeza mapiriwo ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, mlendo sangangothyola nkhuni n'kusonkha moto paliponse pamene wafuna.

Cholakwa changa ndikuchivomera, sindinakayese ndili kunyumba. Tinatsika m'phiri dzuwa likulowa, miyendo ili nyenyenye, mwera wa mu Julayi ukuwomba mpaka mchenga kulowa m'mano. Tinamanga tenti pamalo ogonera alendo m'mbali mwa nyanja, alamu anayamba kutsuka usipa, ine n'kumasula katundu uja. Zitini zimene ananditumizira zinali zazitali ndi zowonda ngati za mankhwala opopera udzudzu, zija zimene amagoneka m'mbali mwa chitofu chafulati cha patebulo. Kachitofu kanga kamafuna chitini chachifupi chonenepa, chokhala ndi timizere topotera pakamwa monga pa botolo la Sobo, kuti kachitofuko kamangidwe pamwamba pake. Ndinatembenuza uku ndi uku, tochi ili kukamwa, koma zinthu ziwirizi sizinapangidwe kuti zikumane.

Nditamuimbira foni wogulitsayo, anandiyankha mopanda nkhawa ngati ndikumufunsa za nyengo. "Bwana, gasi ndi gasi basi, ingokanikizani mwamphamvu chilowa." Mawu amenewa ndi amene andilembetsa ndemanga ino, chifukwa munthu amene amagulitsa zinthu zoyaka moto sayenera kuuza kasitomala kuti akakamize chitini chodzaza gasi pafupi ndi tenti ya nayiloni. Nditamuuza kuti zimenezo n'zoopsa anati ali pa msonkhano, ndipo nditaimbanso foni inali yozima. Alamu, amene anali chete nthawi yonseyi, anangoti, "Alamu, musayerekeze, tenti iyi ndi yobwereka."

Anatipulumutsa ndi mnyamata wina amene amaperekeza alendo pa boti kupita ku chilumba cha Thumbi. Ataona kuti tikuvutika anathamangira kwawo n'kubwera ndi chitini cha magalamu 230 chimene chinali chitatsala pafupifupi theka, ndipo anatifotokozera kuti alendo ochokera kunja amasiya zitini zotere akamabwerera, popeza siziloledwa m'ndege. Ndalama anakana, anangokhala nafe kudikira tiyi.

Apa m'pamene mtima wanga unayamba kutsika, chifukwa kachitofuko kalibe mlandu. Ndinakapotera pa chitini, ndinatsegula pang'ono, ndipo moto wabuluu unabuka ndi mkokomo umene simungauyembekezere pa kanthu kakang'ono chonchi. Titatchinga mphepo ndi chikwama komanso mwala, madzi a makapu atatu anawira alamu asanamalize kudula tomato. Kunalibe utsi, poto sanade, ndipo moto umachepetseka bwino moti usipa unapsa osapserera. Amene anayesapo kukoleza makala onyowa m'mbali mwa nyanja akudziwa chifukwa chake ndinakhala kanthawi ndikungokayang'ana.

Komabe pali zimene muyenera kudziwa musanataye ndalama. Mphepo ndiye mdani wake wamkulu: pamtetete lawi limapendekera kumbali, gasi n'kumapita pachabe. Musachite kuzinga chitini chonse ndi malata kapena miyala pofuna kutchinga mwera, chifukwa kutentha kukaunjikana mozungulira chitini chikhoza kuphulika. Tchingani mbali imodzi yokha. Musaphikirenso m'kati mwa tenti yotseka ngakhale kunja kuzizire bwanji, popeza mpweya woipa umene umatuluka sununkha ndipo umapha munthu ali m'tulo. Pa chitini analembapo kuti chisakhale pamalo otentha kupitirira madigiri 50, ndipo aliyense wodziwa dzuwa la Okutobala kuno ku Mangochi akudziwa kuti m'galimoto yotseka magalasi mumafika pamenepo mosavuta. Kabatani koyatsira kanagwira ntchito masiku awiri okha, kenako kanangoyamba kulira popanda moto, choncho machesi musawasiye.

Za nsima ndinene mosabisa kuti anthu amene anakonza kachitofuka sankaganiza za ife. Timiyendo take n'tating'ono, poto amakhala pamwamba ngati nkhuku pa mtanda, ndipo ukangoyamba kuvundula ndi mthiko zonse zimagwedera. Tinaphika ya anthu awiri, wina atagwira poto ndi nsanza wina akutakasa, ndipo pakati pa poto panapserera chifukwa moto umamenya malo amodzi. Tiyi, phala, mpunga, mazira ndi ndiwo zofulumira, pamenepo palibe chodandaula.

Vuto lenileni ndi gasiyo. Zitini zimenezi sadzazanso monga amachitira ndi masilinda a kunyumba, ikatha yatha, ndipo ine ndazungulira m'mashopu a pa Boma ndi ku Monkey Bay osachipeza chopoteracho. Musanagule kachitofu, yambani mwapeza kumene muzigula zitini, ndipo muuzeni wogulitsa akutumizireni chithunzi cha pakamwa pa chitini ndi cha kunsi kwa kachitofu.

Wogulitsa uja anadzandilembera patapita sabata, osapepesa, kunena kuti atumiza kachitsulo kolumikizira kuti zitini zazitalizo zigwire ntchito. Tsopano tili mu Seputembala ndipo basi imene anakakweza sinafikebe. Zitini zake ziwiri zili pansi pa kabati, kutali ndi dzuwa komanso ana, ndipo ngati pali wina kuno ku Mangochi amene ali ndi chitofu chafulati cha patebulo, ndidzamupatsa ulere.