MSN kapena DNP, pa intaneti kapena m'kalasi: kusankha sukulu ya PMHNP ku America

Mnzanga wina amene timagwira naye usiku kuwodi ya odwala maganizo anandifunsa tikumwa tiyi cha m'ma 3 koloko m'bandakucha: "Achemwali, nditenge MSN kapena DNP?" Anamwino ambiri ochokera kumudzi amayambira pomwepa akafuna kukhala PMHNP, namwino amene amapima odwala maganizo, kuwalembera mankhwala ndi kuwapatsa uphungu. Ndinamuuza kuti wagwira nkhani kumchira, komabe funso lake ndi loyenera kuyankha.

MSN, digiri ya masitazi ya unamwino, imatenga zaka ziwiri kapena zitatu. DNP, digiri ya unamwino yoposa masitazi, imafika zitatu kapena zinayi, imadya ndalama zambiri, imafuna maola 1,000 a kuchipatala, ndipo kumapeto mumalemba pulojekiti yokonza kagwiridwe ka ntchito pachipatala china. Mu 2004 bungwe la AACN, la sukulu za unamwino ku America, linati pofika 2015 DNP ndiyo ikhale khomo lolowera ntchitoyi. La NONPF, la aphunzitsi a anamwino otere, linabwerezanso mu 2018, n'kuika chaka cha 2025. Zaka zonsezo zadutsa ndipo wa MSN akulembabe mayeso a ANCC, bungwe lopereka satifiketi ya ntchitoyi, limodzi ndi wa DNP, onse n'kutuluka ndi zilembo zofanana, PMHNP-BC. Sukulu zotchuka zagawikana: Yale ndi Vanderbilt zili ndi MSN, pamene Rush ku Chicago ndi University of Washington ku Seattle zimadzera ku DNP. Ngati mtima wanu uli pa kuphunzitsa ku yunivesite kapena kutsogolera chipatala, pitani ku DNP. Ngati muli ndi ana a sukulu, lendi, ndi abale ku Ntcheu odikira ya feteleza, tengani MSN. DNP mukhoza kudzawonjezera mukulandira kale malipiro a NP, namwino wopima odwala ndi kulemba mankhwala.

Pamene pagona nkhani ndi pa preceptor, katswiri amene mumakhala naye pambali pokaona odwala. ANCC imafuna maola a kuchipatala osachepera 500, ndipo malamulo a maphunziro a NP amene anatuluka mu 2022 anakweza muyezo kufika 750. Maola amenewa si a akuluakulu okha. Mufunika ana, achinyamata ndi okalamba, kuphatikizapo kuphunzira njira ziwiri za uphungu. Funso n'lakuti, adzakupezerani malowo ndani?

Sukulu za m'kalasi, makamaka zokhala ndi chipatala chawochawo, kawirikawiri zimakupezerani. Fizi imawawa, ndandanda yake siyimva za mashifiti anu, ndipo malo ndi ochepa, moti mukhoza kukanidwa. Sukulu zikuluzikulu za pa intaneti zimalandira pafupifupi aliyense, mumawerenga mukaweruka, koma zambiri zimakusiyirani ntchito yosaka preceptor. Pofunsira malo amakuuzani kuti "timathandiza". Thandizo lake ine ndinaliona: anandipatsa mndandanda wa zipatala, zina manambala ake osagwira. Ndinakhala miyezi ndikuimba foni m'galimoto nthawi yopuma, sangweji ili pamwendo. Kwina amati adzaza mpaka chaka chamawa, kwina osayankha n'komwe. Preceptor wa ana ndiye anasowa ngati mvula ya Okutobala, semesita yathunthu inandidutsa ndili khale. Alipo makampani amene amakupezerani preceptor pa ndalama, madola masauzande, ndipo ndalama imeneyo simuiona pa tsamba la fizi. Ukaphatikiza zonse, sukulu ija imene inkaoneka yotsika mtengo imafanana ndi inzake.

Pakati pa ziwirizi pali zina zosakaniza, monga ya Vanderbilt ku Nashville, kumene mumaphunzira muli kwanu koma mumapita kusukulu masiku angapo motsatizana. Ine ndimakondera zimenezi. Kufunsa munthu ngati akuganiza zodzipha kumafuna kuyeserera pamaso pa mphunzitsi amene angakuuzeni kuti mawu anu anathamanga kwambiri. Ife amene tinakulira kumene matendawa amangoti "misala" ndipo Zomba amaitchula monong'ona, tili ndi zambiri zoti tisiye ndi zoti tiphunzire m'chipinda chotero.

Zina ndi zachidule koma musazidumphe. Sukulu ikhale yovomerezedwa ndi bungwe lounika sukulu za unamwino, monga CCNE kapena ACEN, apo ayi mayeso simulemba. Funsani Board of Nursing, bungwe lopereka ziphaso kwa anamwino, ya dera lanu ngati imalola sukuluyo, chifukwa madera ena, monga New York, amavuta pa sukulu za kunja kwa dera lawo. Ganiziraninso komwe mudzagwire: ku Arizona ndi Washington NP amagwira payekha, ku Texas amafunika dokotala womuyang'anira. Amene muli ndi digiri ya ku Kamuzu College of Nursing, mapepala anu adzafunika kuunikidwa ndi mabungwe monga TruMerit (kale inkatchedwa CGFNS), choncho yambani msanga kuitanitsa kumudzi. A dipuloma, dzerani kaye ku BSN, digiri yoyamba ya unamwino. Amene ndinu kale FNP, NP woona za umoyo wa banja lonse, satifiketi ya post-master's, yowonjezera pa masitazi anu, ikukwanirani.

Mnzanga uja ndinamuuza kuti alembere sukulu zitatu funso limodzi, ndipo yankho libwere pa imelo: preceptor akasowa, udindo ndi wa ndani? Imodzi yokha ndiyo inayankha kuti ndi wawo. Inali yodula kuposa zinzake, ndipo ndi komwe analembetsa.