Ufa wa ola limodzi ndi theka: sitolo ya zakwathu ku Moston, Manchester

Dzina la sitoloyi sinditchula. Pali zina ndinene pano zosakoma, ndipo mwini wake ndi munthu amene anandikongozapo ufa tsiku lina khadi langa litakana pamaso pa anthu. Amene mumakhala kumpoto kwa Manchester mukudziwa kuti chakuMoston Lane masitolo a zakudya za ku Africa ndi ambiri, ochuluka mwa iwo ndi a anzathu a ku Nigeria, odzaza ndi gari, zilazi ndi mafuta ofiira. Iyi ndi imodzi mwa zochepa zomwe ukalowa umayamba kuona matumba a ufa wachimanga, osati mpunga.

Ndakhala ndikugula kumeneku kuyambira 2023, chaka chomwe ndinabwera kuno pa viza ya osamalira okalamba. Kwathu ndinali mphunzitsi wa pulayimale ku Zomba. Kuno ndimasambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza agogo a eni ake usiku wonse, ndipo ndikaweruka Loweruka m'mawa ndimatsika basi ndi maso ofiira kukagula zofunika za sabata.

Musanamve za mitengo, ndiyambe ndakuuzani chomwe chimalowa m'thumba, apo ayi manambalawo sakuuzani kanthu. Ndimalandira £12.82 pa ola, maola 37 ndi theka pa sabata. Pa chaka zimakwana £25,000, omwe ndi malipiro otsikitsitsa amene boma linaika mu April 2025 kwa anthu a viza ngati yangayi. Pa ndalama imeneyi, £12,570 yoyamba sadula msonkho, yotsalayo amadula 20 peresenti, kenaka 8 peresenti ya National Insurance (msonkho wina wa boma wodulidwa pa malipiro), kenaka ya penshoni. Zomwe zimafika ku akaunti yanga ndi pafupifupi £1,730 pa mwezi. Mlongo wanga ku Chinamwali atamva anatenga foni n'kuchulukitsa, anapeza pafupifupi K4 miliyoni, ndipo kuyambira tsiku limenelo amandiitana kuti bwana. Chimene sanachulukitse ndi ichi: chipinda chimodzi, m'nyumba yomwe tikukhalamo anthu anayi n'kumalimbirana bafa, chimadya £620. Tikiti ya basi ya masiku 28 ndi £80. Kwa amayi, omwe akusunga ana anga awiri, kumapita £400. Ngongole yomwe ndinatenga pobwera ikudyabe £250. Foni £10. Otsala ndi £370, ndipo m'menemo ndi momwe muli chakudya, sopo, nsapato, chopereka cha kutchalitchi ndi chipepeso cha maliro aliwonse amene alengezedwa pa gulu lathu la WhatsApp.

Ndiye ine ndinasiya kuwerengera zinthu m'makwacha. Ndimawerengera m'maola. Akadula zonse, ola langa limatsala pa £10 ndi timakobiri. Thumba la ufa la makilogalamu 10 m'sitolo muno ndi £16. Ndi ola limodzi ndi theka limenelo, nthawi yokwanira kusintha zofunda za agogo atatu.

Ufawo ndiye chifukwa chenicheni chopitira kumeneku, ndipo pa ufa sindingawanene. Amakhala ndi Iwisa ndi White Star a ku South Africa, ndipo sindinapitepo n'kupeza watha. Sindinama, si ufa woyera wakwathu wokonola, woviika n'kuyanika pamphasa. Ulibe kafungo kaja kowawasira pang'ono. Umamwa madzi kwambiri, ndipo ukathira mwaphuma ngati momwe tinazolowerera, nsima imatuluka yolimba ngati njerwa, kapena ya mibulu m'kati. Ndinaphunzira kusiya phala lithakwethe nthawi yaitali, poto wovundikira, kenaka n'kumathira pang'onopang'ono. Ukatero imavundulika bwino ndipo imaomoleka yosalala. Thumba limodzi limandikwanira masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, moti pa mbale iliyonse nsima ndi chakudya chotchipa kuposa buledi. Musalole kunyengedwa ndi timapaketi ta kilogalamu imodzi kapena awiri tomwe amaika pafupi ndi khomo, pa kilogalamu timakwera mtengo pafupifupi kawiri. Nyamulani lalikulu, ngakhale pokwera nalo basi azungu akuyang'aneni ngati mwaba simenti. Mthiko ndi chipande amagulitsanso, ngakhale mthiko wake ndi wopepuka, wa mtengo wofewa. Wanga wachiwiri unathyoka pakhosi. Umene ndikugwiritsa ntchito pano ndinachita kuitanitsa kwa munthu wochokera ku Lilongwe.

Mwini sitolo ndi bambo wa ku Zimbabwe, wamkulu ndithu. Tsiku loyamba atandimva ndikuyankha foni anandifunsa m'Chinyanja cholemera, chachikale: “Kodi mayi, kwanu n'kuti?” Agogo awo aamuna anachoka ku Ntcheu wapansi kukagwira ntchito m'migodi nthawi ya atsamunda ndipo sanabwererenso. Iwo anakulira m'komboni akutchedwa Mabhurandaya, dzina lomwe a ku Zimbabwe amaitanira anthu ochokera ku Malawi, kuchokera ku mawu oti Blantyre. Ku Malawi sanapondeko. Koma akandiona amati “Mwabwera achemwali, ufa wanu uli apo,” ndipo amauza mnyamata wawo andinyamulire mpaka pa siteji. Izi pa risiti sizilembedwa, koma munthu amene wakhala maola 12 akulankhula Chingerezi chokweza mawu kwa anthu osamva bwino amadziwa mtengo wake.

Kufiriji yakumbuyo ndi komwe ndimataya nthawi. Nkhuku zolimba zija, zoikira mazira zitakalamba, amagulitsa £4 imodzi ndipo amakudulira pa makina osalipiritsa. Si ya lokolo yeniyeni yothamangitsa pabwalo, koma ukaiphika maola awiri msuzi wake umayandikira. Mang'ina alipo, zam'kati za ng'ombe zilipo zotsuka bwino, nyama ya mbuzi ilipo koma yodula ndipo mafupa amachulukitsa. Nsomba yomwe Amalawi ambiri kuno amaitcha chambo si chambo. Tembenuzani paketi muwerenge: ndi tilapia ya m'madamu, yanga yomaliza inalembedwa kuti yachokera ku China. Ukaikazinga kwambiri n'kuthira tomato wambiri imadyeka, koma amene anadyapo chambo cha pa Mangochi asayembekezere zambiri.

Tsopano pomwe pamandipweteka. Kapenta, kapaketi kosadzaza n'komwe dzanja, £5. Theka la ola. Botolo la Nali, likapezeka, £4.50. Sobo ndinamuonako kawiri kokha, pa mtengo womwe ndinangomugwira n'kumubwezera pa shelefu. Apa sakugulitsa chakudya, akugulitsa kusowa kwathu, ndipo akudziwa kuti mwezi wa January, kunja kukada 4 koloko masana, munthu ukhoza kulipira chilichonse kuti m'nyumba mumveke fungo la kwanu. Ine ndagwamo kangapo. Ulendo wina kapentayo anali wakalekale, wofiirira, wowawa ngati wasungidwa pafupi ndi palafini. Nditabwerera naye, mnyamata wa pa kauntala anati chotsegula sabweza. Bambo aja kunalibe tsikulo. Sabata yotsatira nditawauza anapepesa n'kundiponyera anyezi awiri m'jumbo, zomwe sizinafike pa £5 koma ndinalandira.

Njira yabwino ya usipa ndi bonya si sitolo ayi, ndi sutikesi. Malamulo a kuno saloleza kulowetsa nyama kapena za mkaka zochokera kwathu, koma nsomba zouma amalola mpaka makilogalamu 20 pa munthu. Choncho aliyense wopita ku tchuthi amabwerera ndi katundu wa anthu khumi, ndipo pa bwalo la ndege la Manchester timakalandira usipa mwaulemu kuposa mwini sutikesi.

Vuto lina ndi mitengo yosalembedwa. Theka la katundu lilibe pepala la mtengo, umakamvera pa kauntala, ndipo ndaonapo chinthu chimodzimodzi chikusintha mtengo pakati pa Lachiwiri ndi Loweruka. Ukagula zosakwana £5 khadi salandira. Risiti umachita kupempha. M'kati ndi mothina, anthu awiri sangadutsane pakati pa mashelefu popanda wina kupepesa, ndipo kwa amene ali ndi mwana pa kangolo ndi chintchito.

Zomwe simuyenera kugula kuno n'zambiri, ndipo ndinazidziwa mochedwa. Miyezi itatu yoyamba ndinkagula zonse pamalo amodzi chifukwa choopa masitolo akuluakulu. Mafuta ophikira, shuga, mazira, mkaka, tomato wa m'chitini, sopo: zonsezi ku Aldi kapena ku Lidl n'zotsika kwambiri. Masamba omwe amalemba kuti spring greens, akulowa m'malo mwa repu bwinobwino, ndipo ukathira chiponde chosatsekemera m'malo mwa nsinjiro umapeza ndiwo zotendera zoti mlendo sangadandaule. Therere lobala ndi tsabola ndimakagula kwa amwenye ku Cheetham Hill. Nditagawa chonchi, ndalama ya chakudya inatsika kuchoka pa £65 kufika pa £40 pa sabata, ndipo m'sitolo ya bambowa ndimasiyamo mwina £12 yokha, kupatula sabata ya ufa. Nkhwani, chisoso ndi bonongwe musafunse n'komwe. Pali mayi wina wa ku Zambia amene amalima maungu pa kamunda kobwereka kwa khonsolo, ndipo mwezi wa August amabweretsa nkhwani m'sitolomu timitolo tochepa. Timatha tisanafike pa shelefu.

Pafupi ndi khomo pali bolodi lomatapo timapepala, ndipo kwa munthu wobwera kumene limeneli mwina ndi lofunika kuposa ufa. Chipinda chomwe ndikukhala ndinachipeza pamenepo. Kudzera kwa ma ejenti a nyumba zikanandivuta, chifukwa amafuna mbiri ya ngongole ya kuno, mapepala a malipiro a miyezi ingapo kapena munthu wokuimira, zomwe mlendo wa sabata ziwiri alibe. Dziwani kuti ku England lamulo sililola mwini nyumba kutenga dipoziti yoposa lendi ya masabata asanu pa nyumba wamba ngati zathuzi, choncho wina akakuuzani miyezi itatu, funsani bwino. Ndikayang'ana bolodi lomwelo ndimaonanso chifukwa chomwe ana anga akadali ku Zomba. Nyumba ya zipinda ziwiri imene ndinaifunsa mwezi watha inali £1,050, popanda magetsi, gasi ndi council tax (msonkho wa nyumba wolipira ku khonsolo). Viza yathu ndi yolembedwa kuti thandizo la boma sitilandira. Ine lamulo likundilola kuwaitanitsa chifukwa ndinabwera isanafike 11 March 2024, tsiku lomwe analetsa osamalira okalamba atsopano kubwera ndi mabanja. Chikundiletsa ndi masamu.

Pa bolodi pomwepo nthawi ina pankamatidwa timapepala ta anthu olonjeza ntchito ndi chikalata cha sponsorship (chomwe kampani yokulemba ntchito imapereka kuti upeze viza), nambala ya foni pansi. Ndikudziwa mtsikana wina amene makolo ake anagulitsa puloti kuti alipire munthu wotere, atafika kuno anapeza kampaniyo ilibe maola omupatsa, ndipo patapita miyezi inalandidwa chilolezo. Ankagona pansi m'chipinda changa milungu isanu ndi umodzi. Nditawafotokozera bambo a sitolo, anang'amba timapepala tonse tamtunduwo ine ndikuona, ndipo mpaka lero salola. Pa ichi ndimawapatsa ulemu. Ndipo kwa inu muli kumudzi: kuyambira pa 22 July 2025 boma la UK linatseka njira yolembera osamalira okalamba kuchokera kunja. Wina akakuuzani lero kuti mumupatse mamiliyoni akupezereni viza ya ntchito imeneyi, akufuna kukudyerani.

M'sitolomu amatumizanso ndalama pa kauntala, koma ine ndinasiya. Pa foni ndimaona mtengo wa paundi ndisanadine, ndipo amayi amalandira pa Airtel Money ndisanavule n'komwe yunifolomu. Pa kauntala umauzidwa mtengo pakamwa, pamzere pali anthu akumvetsera kuti ukutumiza zingati ndiponso kwa yani. Amalawi tilipo ochepa kuno, nkhani imafika ku Leeds dzuwa lisanalowe.

Pa nyenyezi zisanu ndingapereke zitatu ndi theka. Ufa, nkhuku ndi bolodi zikanayenera zisanu. Kapenta ndi mitengo yobisa zikudya zinazo. Amatsegula mochedwa, cha m'ma 10 koloko, ngakhale pachitseko palembedwa 9, ndiye ochoka ku ntchito ya usiku konzekani kuima panja pozizira. Katundu watsopano amafika Lachinayi, ndipo nkhuku zabwino zimakhala zitatha pofika Loweruka masana.

Loweruka lapitali ndinagula thumba la ufa, nkhuku imodzi ndi mang'ina, zonse £25.50. Nali analipo, mabotolo atatu okha, a chizindikiro chofiira. Ndinalinyamula limodzi, ndinaliika pansi, ndinakafika mpaka pakhomo. Bambo aja anangoti, “Achemwali, Lachinayi simulipeza.” Ndinabwerera n'kulipira £30.