Great Zimbabwe kapena Kilwa: wofufuza alowere kuti?

Wofuna PhD pa mizinda yakale ya mu Africa angasankhe Great Zimbabwe kapena Kilwa Kisiwani.

Ku Great Zimbabwe, kufupi ndi mzinda wa Masvingo ku Zimbabwe, makoma ndi a miyala yosanja popanda matope, ena otalika mamita 11. Omanga ake sanasiye zolemba, choncho umboni uli m'nthaka: mapale, mikanda, mafupa a ng'ombe. Kufukula kumadya nthawi ndi ndalama zomwe.

Ine ndingatsamire ku Kilwa, chilumba cha ku Tanzania. Kuli mzikiti waukulu, nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa, makobidi amkuwa okhala ndi mayina a mafumu, ndiponso zimene Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, analemba za ulendo wake wa ku Kilwa mu 1331. Khobidi limodzi lotere linapezeka ku Great Zimbabwe komwe. Kungoti popanda Chiarabu simungapite patali, poti zolembazi zili m'Chiarabu.