Prunus avium ndi Prunus padus: mubzale uti pakhomo ku Britain?

Mitengo iwiriyi ndi yapachibale, yonse ndi cherry wam'tchire wa ku Ulaya, ndipo mbande zake zikayoyola masamba m'nyengo yozizira, kuzisiyanitsa nkovuta. Pogula werengani dzina la Chilatini, apo ayi kandani khungwa ndi chikhadabo: la padus limanunkha moipa, la avium ayi.

Pa zipatso palibe mpikisano. Za avium zimadyeka, pomwe za padus ndi zazing'ono, zakuda, zowawa, nza mbalame basi.

Koma avium m'dimba laling'ono ndi chipsinjo, ndipo ogulitsa ambiri sanena. Mtengowu umatha kufika mamita 30. Mizu yake imayenda pamwamba, imatukula njerwa za m'njira, ndipo imaphukira paliponse, ngakhale pakati pa kapinga kapena kuseri kwa mpanda wa aneba. Mukadula mphukirazo ndi makina otchetchera, zimaphukanso zambiri. Chofunika nkufukula dothi mpaka pamuzu ndi kuzithyola zikadali zanthete.

Mukati muufupikitse ndiye mwadziputira lina. Kudulira m'nyengo yozizira kumasiya mabala omwe matenda a silver leaf ndi bacterial canker amalowerapo, nthambi nkuyamba kutuluka utomoni kenako kuuma. Dulirani mu Julaye kapena Ogasiti kukakhala kouma. Ndipo pa mavuto onsewa, mtengo umodzi pawokha subereka bwino, umafuna mungu wa unzake.

Padus naye amaphukira, koma nthawi zambiri sapitirira mamita 15, ndipo amakonda dothi lachinyontho limene avium amavutikamo. Nchifukwa chake amapezeka m'mbali mwa mitsinje ku Scotland ndi kumpoto kwa England. Maluwa ake oyera amabwera mu Meyi, pa ngala za masentimita 10 mpaka 15. Vuto lake ndi mbozi za kagulugufe ka ermine: zaka zina zimakuta mtengo wonse ndi ulusi ngati wa kangaude nkumaliza masamba onse. Musaudule, masamba amaphukanso chaka chomwecho.

Masamba ofota a mitengo yonseyi ndi poizoni ku ziweto, musawataye kumene zimadya.

Kwa ine, pakhomo wamba bzalani padus. Ngati mtima uli pa zipatso, musiyeni avium wam'tchire, gulani Stella, mtundu wolimidwa wa avium, womezanitsidwa pa Gisela 5, tsinde lofupikitsa mtengo: amatalika pafupifupi mamita 3 ndipo amabereka yekha.